Mbalame za makolo a mitundu iwiri: zimene nthenga zimaulula ndi zimene zimabisa

M'chaka cha 1870, ku Newtonville m'chigawo cha Massachusetts ku United States, mnyamata wina wokonda mbalame dzina lake William Brewster anawombera kambalame kamene sikanali m'buku lililonse la nthawi imeneyo. Kanali kotuwa kumsana, koyera pakhosi ndi kumimba, kachikasu pamutu, ndipo kamzere kakuda kopyapyala kanadutsa m'diso mwake. Mu 1874 iye anakalengeza kuti ndi mtundu watsopano wa mbalame. M'chaka chomwecho Harold Herrick analongosola kambalame kena kogwidwa ku New Jersey, kachikasu pafupifupi thupi lonse koma kakuda pakhosi ndi m'masaya, ndipo anakapatsa dzina lolemekeza katswiri wa mbalame George Lawrence. Mayina awiriwa, Brewster's Warbler ndi Lawrence's Warbler, akugwirabe ntchito mpaka lero, ngakhale kuti tsopano zikudziwika bwino kuti timbalame timeneti si mitundu yoima payokha. Tonse tiwiri timabadwa chifukwa cha kukwerana kwa mitundu iwiri yapachibale, Golden-winged Warbler ndi Blue-winged Warbler, imene imaswana kum'mawa kwa North America.

Nkhani ya mbalame ziwirizi yafufuzidwa kwa zaka zoposa 150, ndipo ndi imodzi mwa nkhani zimene zimasonyeza bwino kwambiri chimene chimachitika mitundu yapachibale ikakumana, komanso malire a zimene diso la munthu lingadziwe poyang'ana nthenga zokha.

Makolo awiriwa sasokoneza munthu akawaona. Zonse ndi mbalame zazing'ono, zotalika masentimita pafupifupi 12 ndi zolemera magalamu osapitirira kwenikweni 10, za mlomo wosongoka wofunira tizilombo m'masamba opiringizika. Golden-winged yaimuna ndi yotuwa kumsana ndi yoyera kumimba, ili ndi chigamba chachikulu chachikasu paphiko lililonse, pamutu pake ndi pachikasu, ndipo pakhosi ndi m'masaya muli zigamba zakuda bii. Yaikazi imakhala ndi zigamba zomwezo koma zotuwa. Blue-winged ndi yachikasu kuyambira kumutu mpaka kumimba, kumsana ndi yobiriwira, mapiko ake ndi otuwa mokhala ngati abuluu ndipo ali ndi mizere iwiri yoyera, pakhosi palibe chigamba chilichonse, ndipo kumaso kuli kamzere kakuda kokha kodutsa m'diso. Nyimbo zake nazonso n'zosiyana: Blue-winged imatulutsa mawu awiri olira ngati a tizilombo touluka, oyamba okwera ndipo achiwiri otsika, pamene Golden-winged imayamba ndi liwu limodzi lokwera n'kutsatiza ena afupiafupi, kawirikawiri atatu. Munthu woziona koyamba sangaganize kuti mbalame zosiyana chonchi zingamange chisa chimodzi. Komabe katswiri wojambula mbalame John James Audubon analemba m'kalata mu 1835 kuti ankaganiza kuti mwina ziwirizi ndi mtundu umodzi, ndipo ofufuza a masiku ano apeza kuti maganizo akewo sanali kutali ndi zenizeni.

Umboni woyamba wooneka ndi maso unachokera kwa Walter Faxon, amene anatha nyengo zingapo akutsatira zisa m'dambo lina ku Lexington, ku Massachusetts komweko. Mu 1913 iye anafotokoza za chisa cha Golden-winged yaimuna ndi Blue-winged yaikazi chimene ana ake anakula n'kukhala ndi maonekedwe a Brewster's. Mkangano woti kambalameka ndi mtundu wapadera kapena ayi unathera pamenepo. Funso limene linatsala linali lovutirapo: ngati makolo ndi omwewo, n'chifukwa chiyani pali ana a maonekedwe awiri osiyana kotheratu, ndipo n'chifukwa chiyani Brewster's imapezeka kawirikawiri pamene Lawrence's imaoneka mwa kamodzikamodzi?

Yankho lake lili m'malamulo a kutengera kwa makolo amene wasayansi Gregor Mendel anawapeza poyesa nsawawa zake. John Nichols anali atanena kale zimenezi mu 1908, ndipo Kenneth Parkes anazilongosola mwatsatanetsatane mu 1951. Mbalame iliyonse imalandira malangizo a kapangidwe ka thupi lake kawiri, kuchokera kwa bambo ndi kuchokera kwa mayi, ndipo malangizowo amakhala m'tizigawo ta DNA totchedwa majini. Pa zinthu zina, jini yochokera kwa kholo limodzi imaphimba inzake, moti yophimbidwayo siioneka pathupi ngakhale kuti ilipo ndipo ingathe kupita kwa ana. Mwa mbalame zathu ziwirizi, khosi lopanda chigamba limaphimba khosi lakuda, ndipo kuyera kwa kumimba kumaposa mphamvu chikasu. Zikatero, kholo lililonse lili ndi chinthu chimodzi champhamvu ndi china chogonja. Golden-winged ili ndi mimba yoyera, imene ndi yamphamvu, ndi khosi lakuda, limene ndi logonja. Blue-winged ili ndi khosi lopanda chigamba, limene ndi lamphamvu, ndi mimba yachikasu, imene ndi yogonja. Mwana wa m'badwo woyamba amaonetsa zamphamvu zonse ziwiri, ndiye kuti khosi lopanda chigamba ndi mimba yoyera, ndipo ameneyo ndiye Brewster's. Kuti pabadwe Lawrence's pamafunika kuti zogonja zonse ziwiri zikumane, khosi lakuda lichokere kwa bambo ndi kwa mayi omwe, chikasunso chichokere mbali zonse ziwiri. Zimenezi sizingachitike m'badwo woyamba. Ngakhale Brewster's ziwiri zitakwerana, masamu a Mendel amasonyeza kuti mwa ana 16 ndi mmodzi yekha amene angakhale Lawrence's, ndipo kuthengo Brewster's nthawi zambiri imapeza mnzake pakati pa mitundu ya makolo ake, osati pakati pa ma haibulidi anzake, ndiye kuti mbalame zina za makolo a mitundu iwiri.

Mlimi amene anasungapo mbewu ya chimanga cha haibulidi kuchokera m'munda mwake n'kuibzalanso chaka chotsatira amazidziwa zimenezi. Chaka choyamba mapesi amalingana msinkhu ndipo amabereka mofanana, koma chaka chachiwiri ena amatalika, ena amafupika, ena amabereka bwino, ena ayi, chifukwa zimene zinaphimbidwa m'badwo woyamba zayamba kutulukira m'njira zosiyanasiyana.

Kufotokoza kwa Parkes kunathandiza kwambiri, koma amene amagwira mbalamezi m'manja ankaona kuti sizimangogwera m'magulu anayi okha. Pali Brewster's zoyera mbee kumimba, pali zina za chikasu chochepa pachifuwa, pali zinanso zachikasu kwambiri moti zimatsala pang'ono kufanana ndi Blue-winged. Pali Golden-winged zooneka bwinobwino koma zokhala ndi kachikasu pachifuwa kapena kubiriwira kumsana. Pali Blue-winged zimene mizere ya pamapiko ake ndi yachikasu m'malo mokhala yoyera. Chigamba cha pakhosi ndicho chimatsatiradi lamulo losavuta lija, chifukwa chimakhalapo kapena kusakhalapo, koma chikasu cha pathupi chimabwera pamlingo wosiyanasiyana. Mayina awiri akale aja amangotchula maonekedwe awiri odziwika pakati pa maonekedwe ambirimbiri, ndipo amene amawaloweza ngati kuti ndiwo ma haibulidi onse amaphonya mbalame zambiri zosakanikirana.

Mu 2016 David Toews ndi anzake a ku Cornell Lab of Ornithology anafalitsa zimene anapeza atayerekezera DNA yonse ya mitundu iwiriyi. Anapeza kuti imafanana pa magawo 99.97 mwa magawo 100 alionse, ndipo kusiyana kooneka bwino kuli m'tizigawo 6 tokha tating'onoting'ono. Tambiri mwa tizigawo timeneti tili pafupi ndi majini odziwika kale kuti amayendetsa mtundu wa nthenga kapena kakulidwe kake. Jini yotchedwa ASIP, imene imakhudza utoto wakuda m'zamoyo zambiri, ndi imene ili pafupi ndi malo olamulira chigamba cha pakhosi, ndipo zimenezi zinatsimikizira zimene Nichols ndi Parkes anazizindikira popanda makina alionse. Jini ina yotchedwa BCO2 imagwira ntchito yophwanya utoto wachikasu umene mbalame imaupeza m'chakudya chake. Ofufuzawo anaonanso zizindikiro zoti mitundu iwiriyi yakhala ikusinthana majini mwa apo ndi apo kwa zaka masauzande ambiri, azungu asanafike n'komwe ku America.

Zotsatira zimenezi zili ndi tanthauzo lalikulu kwa aliyense wofuna kuzindikira haibulidi. Munthu akamayang'ana pakhosi, pamimba ndi pamapiko a mbalameyi, amakhala akuwerenga tizigawo tochepa chabe ta DNA yake. Mbalame ingathe kukhala ndi agogo a mitundu yonse iwiri koma n'kulandira tizigawo tonse ta maonekedwe kuchokera mbali imodzi, ndipo ikatero imaoneka ngati Golden-winged yeniyeni kapena Blue-winged yeniyeni. Frank Gill anasonyeza izi m'zaka za m'ma 1990 pofufuza DNA imene mwana amalandira kwa mayi yekha, pamene anapeza Golden-winged zina ku Pennsylvania zokhala ndi DNA ya mbali ya mayi yochokera kwa Blue-winged. Pambuyo pake Rachel Vallender ndi anzake anapeza mbalame zoterezi m'madera ambiri kumene Golden-winged imaswana, ndipo kumene kunapezeka zosasakanikirana kwambiri kunali kumalire a kumpoto chakumadzulo, ku Manitoba m'dziko la Canada. Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi ndiyo yofunika koposa m'nkhani yonseyi. Nthenga zingatiuze kuti mbalame iyi ndi yosakanikirana, koma sizingatitsimikizire kuti mbalame iyo ndi yosasakanikirana.

Nanga woyang'ana mbalame kuthengo, amene ali ndi magalasi oonera patali ndi kamera basi, angachite chiyani? Choyamba ndi kusiya chizolowezi choyang'ana mbalame yonse nthawi imodzi n'kuipatsa dzina. Ayenera kutenga chiwalo chimodzichimodzi: pakhosi pali chigamba kapena ayi, kumaso kuli kamzere kopyapyala kapena chigamba chotakata, pachifuwa ndi pamimba ndi poyera kapena pachikasu ndipo chikasucho chafika pati, kumsana ndi kotuwa kapena kobiriwira, ndipo paphiko pali mizere iwiri yosiyana kapena chigamba chimodzi, choyera kapena chachikasu. Chiwalo chilichonse afunse kuti ndi cha kholo liti. Ngati mayankho onse akuloza kholo limodzi, mbalameyo ilembedwe dzina la kholo limenelo. Ngati mayankho agawanika, ndiye kuti pali chifukwa choganizira za haibulidi. Ma haibulidi a mbalame zoimba amaoneka m'njira ziwiri, ndipo Brewster's imasonyeza zonse ziwiri: zinthu zina zimakhala zapakatikati, monga chikasu chochepa pachifuwa choyera, pamene zina zimabwera zathunthu kuchokera kwa kholo limodzi, monga nkhope ya Blue-winged pathupi lotuwa la Golden-winged.

Nyimbo, imene pa mbalame zambiri ndiyo njira yodalirika yozindikirira mtundu, pano imasocheretsa. Gulu la mbalame zoimba, limene lili ndi mitundu yoposa 4,000 ndipo muli mpheta, pumbwa, namzeze ngakhalenso khwangwala, limadziwika ndi chinthu chimodzi chachikulu: mwana wamwamuna sabadwa ndi nyimbo yathunthu, amaiphunzira pomvera zazikulu zimene zili pafupi naye akadali wamng'ono. Chifukwa cha zimenezi Brewster's kawirikawiri imaimba nyimbo ya kholo limodzi bwinobwino, osati yosakaniza, ndipo m'madera amene mitundu iwiriyi imakhalira limodzi mumapezeka Golden-winged yoimba ngati Blue-winged komanso Blue-winged yoimba ngati Golden-winged. Kuwonjezera apo, zonse zili ndi nyimbo yachiwiri yothamanga imene zimaimba m'bandakucha, ndipo imeneyi imafanana kwambiri m'mitundu yonse iwiri. N'chifukwa chake owerenga mbalamezi amalangizidwa kuti asalembe Golden-winged pongoimva, koma aione ndithu. Kalembera wodalira khutu lokha m'madera amenewa angathe kupereka chiwerengero cholakwika cha mbalame imene ikuchepa kale.

Palinso misampha ina imene imachititsa anthu kuona haibulidi pamene palibe. Mbalame yaikazi kapena yaing'ono imakhala yofiirira kapena yotuwa kuposa yaimuna yaikulu, ndipo chigamba chotuwa cha Golden-winged yaikazi chingaoneke ngati chapakatikati kwa munthu wosazolowera. Nthenga zakutha, nthenga zimene zikuthothoka kuti zina zimere, mungu wa maluwa umene wamatirira pankhope, ndiponso kuwala kwa dzuwa kodutsa m'masamba obiriwira, zonsezi zimasintha mtundu umene diso limaona. Mbalame zina zimabadwa ndi nthenga zoyera m'malo osayenera chifukwa chosowa utoto, ndipo zimenezi sizikukhudzana ndi makolo a mitundu iwiri. Chakudya nachonso chimanyenga. Kum'mawa kwa North America kuli gogomole wotchedwa Northern Flicker amene nthenga za kunsi kwa mapiko ake ndi zachikasu, pamene mnzake wakumadzulo zake ndi zofiira. Kwa zaka zambiri anthu ankati akaona wakum'mawa wa nthenga zofiira ankanena kuti watengera kwa wakumadzulo, mpaka ofufuza anapeza kuti kufiirako kumachokera ku zipatso za chitsamba china chobwera chotchedwa honeysuckle, zimene mbalameyo imadya nthawi imene nthenga zatsopano zikumera. Gogomole sali m'gulu la mbalame zoimba, koma phunziro lake limagwira ntchito pa mbalame iliyonse ya utoto wachikasu kapena wofiira.

Choncho malo ndi nthawi ziyenera kuganiziridwa pamodzi ndi nthenga. Haibulidi imafuna kuti makolo onse awiri akhale pamalo amodzi m'nyengo yoswana, ndipo nthawi zambiri kukwerana kwa mitundu iwiri kumachitika pamene mtundu umodzi ndi wosowa m'deralo, mbalame yake n'kulephera kupeza mnzake wa mtundu wake. Ndi bwinonso kukumbukira kuti ma haibulidi si ambiri monga mmene nkhani zake zimamvekera. Peter ndi Rosemary Grant anawerengera mu 1992 kuti pafupifupi mtundu umodzi mwa mitundu 10 iliyonse ya mbalame unapezekapo utakwerana ndi mtundu wina, ndipo mawerengedwe a pambuyo pake anakweza chiwerengerocho. Koma zimenezi zikunena za mitundu, osati za mbalame imodziimodzi. Kafukufuku wa mu 2020 wogwiritsa ntchito zolemba za anthu a ku United States pa eBird, tsamba la pa intaneti lolembapo mbalame zimene munthu waona, anapeza kuti mbalame zolembedwa kuti ndi haibulidi sizinafike ngakhale imodzi pa 1,000. Mbalame yachilendo imene munthu waiona imakhala kawirikawiri ya mtundu wodziwika koma yooneka mosazolowereka, ndipo haibulidi iyenera kukhala yankho lomaliza, osati loyamba.

Ngakhale zili choncho, nthawi zina zosayembekezereka zimachitikadi. M'mwezi wa May 2018 munthu wina wokonda mbalame ku Pennsylvania anajambula kambalame kooneka ngati Brewster's koma kokhala ndi timadontho tofiirira m'mbali mwa khosi, ndipo kankaimba nyimbo ya Chestnut-sided Warbler, mbalame imene ili m'gulu lina, losiyana ndi la makolo a Brewster's. Toews anapita kukakagwira ndi ukonde, anatenga kadontho ka magazi, anakayeza, anakaveka mphete kumwendo n'kukamasula. DNA inasonyeza kuti mayi wake anali haibulidi wa Golden-winged ndi Blue-winged, pamene bambo wake anali Chestnut-sided. M'kambalame kamodzi munali mitundu itatu. Chimene chinathandiza apa ndi chakuti wojambulayo sanathamangire kukatcha dzina. Anakatsatira kwa masiku angapo, anatenga zithunzi za mbali zosiyanasiyana, anajambula kanema kakuimba, kenako anatumiza zonsezo kwa akatswiri. Akale sankakhala ndi mwayi woterewu, ndipo n'chifukwa chake mabuku akale ali ndi mayina ngati Cincinnati Warbler wa mu 1880 ndi Sutton's Warbler wa mu 1939, amene pambuyo pake anadzadziwika kuti ndi ma haibulidi.

Si mitundu yonse yapachibale imene imasakanikirana momasuka chonchi. Pa zilumba za Öland ndi Gotland ku Sweden, Pied Flycatcher ndi Collared Flycatcher zimaswana m'nkhalango zimodzi ndipo nthawi zina zimakwerana, koma ana ake aakazi amakhala osabereka ndipo aamuna amabereka movutikira. Zimenezi zimatsatira lamulo limene J. B. S. Haldane analemba mu 1922, loti pakati pa ana a mitundu iwiri, amene amayamba kuvutika ndi a mbali imene ili ndi makromozomu (timitolo ta DNA) awiri osiyana olamulira umuna kapena ukazi. Mwa anthu mbali imeneyo ndi amuna, koma mwa mbalame ndi zazikazi. Pamenepa khoma la pakati pa mitundu iwiri ndi lolimba, ndipo majini amadutsa ochepa. Kwina zotsatira zake zimakhala mtundu watsopano: mpheta ya ku Italy inachokera ku kusakanikirana kwakale kwa House Sparrow ndi Spanish Sparrow, ndipo lero imaima payokha. Pa kachilumba ka Daphne Major ku zilumba za Galápagos m'nyanja ya Pacific, banja la Grant lija linaona mbalame yaimuna yochokera kuchilumba china itafika mu 1981, n'kukwerana ndi yaikazi ya mtundu wa pamalopo, ndipo zidzukulu zake zinayamba kukwerana zokhazokha chifukwa nyimbo yake ndi mlomo wake zinali zosiyana ndi za anansi ake. Ku Africa kuno, pumbwa amene timamudziwa amakumana ndi abale ake awiri ku South Africa, wina wa khungu lofiira kuzungulira diso ndi wina wa khungu loyera, ndipo m'chigawo cha Eastern Cape kumene malire awo amakumana mumapezeka apumbwa a maonekedwe apakatikati. Kumenekonso chizindikiro chimene anthu amayang'ana ndi chaching'ono, kamzere kozungulira diso.

Golden-winged ndi Blue-winged zili kumbali ya mitundu imene khoma lake ndi lofooka, chifukwa ana ake aamuna ndi aakazi omwe amabereka. M'madera ena ofufuza anapeza kuti Brewster's yaimuna imavutika kupeza mkazi poyerekeza ndi Golden-winged, pamene m'madera ena sanapeze kusiyana kulikonse pa chiwerengero cha ana amene imalera. Nkhaniyi imavutanso chifukwa chakuti mwa mbalamezi, monga mwa mbalame zoimba zambiri, yaimuna imene ikudyetsa ana pachisa si nthawi zonse imene ili bambo wa ana onsewo. Munthu angaone Golden-winged ziwiri zikulera chisa chimodzi, koma mwana mmodzi n'kukhala wa Blue-winged ya m'tchire loyandikana nalo.

Zonsezi zikanangokhala zosangalatsa akatswiri pakanapanda vuto limene Golden-winged ilimo. Chiwerengero chake chatsika ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo kumapiri a Appalachian, kum'mawa kwa United States, chatsika ndi magawo oposa 90 pa 100 alionse. Masiku ano pafupifupi theka la mbalame zonse za mtunduwu zimaswana ku Minnesota. Mbiri yake ndi yolumikizana ndi mmene anthu asinthira nthaka. Mitundu yonse iwiri imamanga chisa pansi kapena pafupi ndi pansi, m'malo a udzu ndi zitsamba oyandikana ndi nkhalango. M'zaka za m'ma 1800 nkhalango za kum'mawa zitadulidwa kuti pakhale minda, kenako minda yambiri n'kusiyidwa kuti imere tchire, malo oterewa anachuluka, ndipo Blue-winged inafalikira kumpoto ndi kum'mawa n'kulowa m'madera a Golden-winged. Gill anaona kuti m'madera ambiri zinkayenda mofanana: Blue-winged imafika, ma haibulidi amaoneka, ndipo pomatha zaka pafupifupi 50 Golden-winged imakhala itasowa. Kuchokera apo anthu ambiri anayamba kuona Blue-winged ndi Brewster's ngati adani a Golden-winged.

Maganizo amenewa ali ndi mbali yoona, koma ine ndimaona kuti amaika mlandu waukulu pamalo olakwika. M'zaka 50 zomwezo, tchire limene linamera m'munda wosiyidwa limakhala litasanduka nkhalango yothithikana imene Golden-winged singaswanemo, kaya Blue-winged ilipo kapena palibe, ndipo m'madera ena a Appalachian mbalameyi inatha popanda Blue-winged kufikako. Moto wa m'tchire ndi madamu a nyama zotchedwa beaver, zimene kale zinkatsegula mipata m'nkhalango, zinachepetsedwa ndi anthu. Brown-headed Cowbird, imene imaikira mazira m'zisa za mbalame zina, imawononganso ana ake. Ndipo vuto silili kumalo oswanira okha. Golden-winged imathawa chisanu n'kupita ku Central America, kumayiko ngati Honduras, Nicaragua ndi Costa Rica, komanso kumpoto kwa South America. Ofufuza atamangirira timakina tating'ono kumsana kwa mbalamezi anapeza mu 2018 kuti za ku Appalachian, zimene zikuchepa kwambiri, zimapita makamaka ku Venezuela ndi madera oyandikana nawo kumene nkhalango zadulidwa kwambiri, pamene za kudera la nyanja zikuluzikulu za Great Lakes, zimene chiwerengero chake chakhazikika, zimapita ku Central America. Kusiyana kumeneku sikukukhudzana ndi ma haibulidi. Palinso malo ngati Sterling Forest ku New York kumene John Confer anapeza kuti mitundu iwiriyi yakhalira limodzi kwa zaka pafupifupi 100, Golden-winged ikuswana bwino m'madambo a m'nkhalango amene Blue-winged siikonda kwenikweni.

Funso loti kodi ziwirizi ndi mitundu iwiri kapena umodzi silinathe, ndipo lili ndi zotsatira zake pa malamulo. Dziko la Canada linaika Golden-winged pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi, ndipo ku United States pempho loti itetezedwe ndi lamulo la Endangered Species Act linaperekedwa mu 2010. Malamulo oterewa amateteza mtundu wotchulidwa dzina, choncho akatswiri atati agwirizane kuti ziwirizi ndi mtundu umodzi wa maonekedwe awiri, chiwerengero chophatikiza chingaoneke chabwinopo ndipo chifukwa chotetezera chingafooke. Mabungwe osunga mndandanda wa mayina a mbalame amazisiyabe ngati mitundu iwiri, ndipo ndikuona kuti akulondola, chifukwa ngakhale kuti zakhala zikusinthana majini kwa zaka masauzande, tizigawo 6 tija sitinasungunuke. Mbalame zambiri zimasankhabe mnzake wofanana nazo, ndipo iliyonse ili ndi malo amene imawakonda. Kufanana kwa magawo 99.97 sikutanthauza kuti kagawo kotsalako n'kopanda ntchito, popeza m'kagawo kameneko ndi mmene muli nkhope imene yaikazi imayang'ana posankha yaimuna.

Amene amagwira ntchito yoteteza mbalameyi anasankha kulimbana ndi malo okhala, osati ndi magazi a mbalame. Amadula mitengo m'zigawo zosankhidwa kuti pamere tchire latsopano pakati pa nkhalango yaikulu, n'kusiya mitengo ingapo italiitali yoti zaimuna ziziimbirapo, ndipo kumapiri a Appalachian amaika ntchitoyi m'malo okwera ndi okutidwa kwambiri ndi nkhalango, kumene Blue-winged ndi yochepa. Boma la United States, kudzera m'pulogalamu ya Working Lands for Wildlife imene inayamba mu 2012, limathandiza eni malo kuchita zimenezi pa nthaka yawo. Kuti zidziwike ngati ntchitoyi ikuphula kanthu, pamafunika owerenga mbalame amene amalemba zimene aonadi. Woona mbalame ya khosi loyera, mimba yachikasu pang'ono ndi mizere iwiri yachikasu pamapiko sayenera kuikakamiza kulowa m'dzina la Brewster's kapena la Blue-winged. Pa eBird pali malo olembapo kuti ndi haibulidi wa Golden-winged ndi Blue-winged popanda kutchula dzina lina, palinso malo olembapo mbalame imene yangomveka osaoneka, ndipo zolemba zoterezi, zikakhala ndi chithunzi ndi mawu ojambulidwa, ndi zimene ofufuza amagwiritsa ntchito potsatira mmene malire a mitundu iwiriyi akusunthira chakumpoto.